Zida zimene timazidalira m'galaja ndi pabwalo: muyambe ndi ziti?

Funso: "Ndili ndi galimoto yaing'ono yakale, galaja yoisungiramo, ndi bwalo lokhala ndi kapinga, maluwa ndi mitengo ingapo. Ndikufuna ndizikonza ndekha tinthu ting'onoting'ono, koma sindingathe kugula zida zonse pakamodzi. Inu odziwa ntchitozi, mumakonda zida ziti, nanga ine ndiyambe ndi ziti?"

Yankho:

Poyamba tikuletseni chinthu chimodzi. Musakopeke ndi mabokosi aja olembedwa kuti muli zida 150 kapena 200. Mukatsegula mupeza kuti zambiri ndi timitu ta sikuludilaiva tomwe simudzatigwira n'komwe, pamene masoketi ochepa ofunikawo ndi a chitsulo chofewa, ogwedera pa bawuti. Chida chogwedera ndicho chimaononga ntchito. Chimadya makona a bawuti, ndipo kantchito ka mphindi khumi kamakutherani tsiku. Choncho ndalama zanu zoyamba zipite ku zinthu ziwiri: chogwira bawuti mosaterereka, ndi chogwira galimoto kuti isakugwereni. Pabwalo napo pali chida chimodzi chotsogola, tichitchula tikafikako.

Masipanala mugule a mbali ziwiri, kwina kokamwa kwina kozungulira ngati mphete, kuyambira 8 mpaka 19 mm osadumpha nambala. Galimoto za ku Japan zimakonda 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19. Za ku Ulaya zimakonda 10, 13, 17 ndi 19, ndipo zatsopanoko zimabweretsanso 16 ndi 18. Ichi n'chifukwa chake bawuti ya M8, yomwe thunthu lake ndi la 8 mm, imakhala ndi mutu wa 12 pa Toyota koma wa 13 pa Volkswagen. Ya 10 mugule ziwiri, chifukwa imagwira ntchito paliponse, ndipo nthawi zambiri mumafuna ina yogwira nati kuseri. Pomasula bawuti yolimba muziyamba ndi mbali ya mphete. Kukamwa kuja kumangogwira mbali ziwiri za mutu, ndipo mukaika mphamvu kumayasama pang'ono n'kupulumuka. Muzikoka sipanala kubwera kwa inu. Ngati malo akukukakamizani kukankha, kankhani ndi chikhatho chotambasula, kuti bawuti ikamasuka mwadzidzidzi zala zisakamenye chitsulo.

Samalaninso ndi kusakaniza mamilimita ndi mainchi. Sipanala ya 9/16 ndi 14.3 mm, ndiye imalowa pa mutu wa 14 koma ikugwedera, ndipo kugwedera kumeneko n'kokwanira kuononga mutuwo. Mainjini ambiri a makina otchetchera kapinga ochokera ku America ali ndi mabawuti a mainchi, choncho yang'anani kaye musanakakamize. Sipanala ya shifitingi ikhalepo imodzi, ya 250 mm, yogwirira ntchito za mapayipi. Pa galimoto isafikepo pokhapokha mutasowa pogwira, ndipo mukaigwiritsa ntchito ithinitseni ndithu, mphamvu igwere pa chibwano chosasuntha chija.

Pa masoketi ndiye pamene timakonda kuti munthu asaumire. Sankhani a makona 6 mkati. A makona 12 amalowa mosavuta, inde, koma amagwira nsonga zokha za makona a bawuti, pomwe a makona 6 amagwira m'mbali mwa mutu momwe muli chitsulo chambiri. Pa bawuti ya dzimbiri kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Latcheti, chogwirira masoketi chokhala ndi mano mkati, yoyamba ikhale ya 3/8 ya inchi, ya mano 72. Imeneyi imagwira dzino lotsatira mukangoisuntha madigiri 5, ndipo pamalo pothina pa injini ndiye mumaonera ubwino wake. Muonjezere zotalikitsira ziwiri, chachifupi ndi chachitali, masoketi akuya a 10, 12, 13 ndi 14, ndi soketi ya mapulagi, yomwe pa galimoto zambiri ndi ya 16 mm, pa zina 14, pa zakale 21.

Latcheti si yothyolera mabawuti ouma. Anthu amailowetsa payipi kuti italike, mano ake n'kuthothoka. Ntchito imeneyo ndi ya chogwirira chachitali chopanda mano, chimene amakanika amati breaker bar, cha 1/2 ndiponso chotalika masentimita 60. Mukatsamira kumapeto kwake ndi kulemera kwa makilogalamu 30, mwaika kale mphamvu yoposa 170 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yopotolera bawuti), yokwanira kumasula manati a matayala amene anamangidwa moyenera. Mukadzagula makina omasulira mabawuti ogogoda aja, mudzaguliretu masoketi ake akuda. Masoketi wamba onyezimirawa ndi ouma kwambiri, amatha kusweka n'kuuluka.

Torque wrench, sipanala yomwe imalira mukafika pa mphamvu yomangira imene mwaitchera, anthu amaiona ngati ya akatswiri okha, koma woyamba kumene ndiye amaisowa kwambiri, popeza dzanja lake silinadziwe polekezera. Manati a matayala a galimoto zing'onozing'ono zambiri amafuna pakati pa 100 ndi 120 Nm, bawuti yokhuthulira oyilo pakati pa 25 ndi 40, mapulagi pakati pa 20 ndi 30, koma nambala yeniyeni muitenge m'buku la galimoto yanu. Kumangitsitsa kumaononga mwakachetechete. Pa aluminiyamu mazinga amazuka, pa tayala bawuti imatamuka n'kudzaduka tsiku lina muli pamsewu. Ikalira kamodzi lekerani pomwepo, musabwerezenso. Musaimasulire kanthu, ndipo mukamaliza ibwezereni pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yake isatope. Kumunsi kwenikweni kwa manambala ake siyeza bwino, choncho ya 40 mpaka 200 Nm ndi ya matayala, mapulagi amafuna ina yaing'ono.

Tsopano za moyo wanu. Jeke amangokweza galimoto, sasunga munthu. Jeke wa mafuta amadalira kalabala kakang'ono mkati, ndipo kakatha galimoto imatsika osachenjeza. Wa sizasi uja wobwera ndi galimoto ndi wosinthira tayala basi. Musanalowetse ngakhale mkono pansi pa galimoto, ikhale itakhazikika pa masitandi awiri a matani 2 kapena 3, ndipo dziwani kuti opanga ambiri akalemba matani 2 amanena masitandi onse awiri pamodzi. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi. Zimenezi sizipindika kuti muone kuti zalemedwa, zimangophwanyika kamodzin'kamodzi. Chitani motere: imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, kokani handibuleki, ikani m'giya, pingani matayala otsala pansi kutsogolo ndi kumbuyo, masulani manati pang'ono tayala likadali pansi, kwezani pa malo amene buku lasonyeza, tsitsirani pa masitandi, kenako igwedezeni ndi manja awiri. Ikasuntha, yambiraninso. Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa galimoto, m'mbali momwe mukugwiramo ntchito. Injini musailize chitseko cha galaja chili chotseka, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha. Chozimira moto cha ufa chikhale pafupi ndi khomo, osati kumapeto kwa galaja komwe moto ungakutsekereni njira.

Popeza galimoto yanu ndi yakale, bawuti ya dzimbiri mukumana nayo posachedwa, ndipo apa kuthamanga si kufika. Yambani ndi bulashi ya waya, mupale dzimbiri pa mazinga oonekera. Thirani mafuta olowerera m'mazinga, mudikire theka la ola, kapena usiku wonse ngati nthawi ilipo. Gogodani mutu wa bawuti ndi hamala kangapo kuti dzimbiri ling'aluke mkati. Lowetsani soketi ya makona 6 mpaka pansi, mumangitse pang'ono kaye, kenako mumasule. Ikayamba kuyenda n'kuumanso, musalimbane nayo. Bwererani, thiraninso mafuta, muziyenda uku ndi uku mpaka itatuluka. Mukamva kuti yafewa mwadzidzidzi koma siikutuluka, ndiye kuti ikupotoka, ikufuna kuduka, imani. Moto umathandiza chifukwa nati ikatentha imafutukuka, koma usayandikire thanki, mapayipi a petulo, mapayipi a mabuleki kapena malabala. Ikaduka ndithu, khomani kadzenje pakati penipeni ndi panchi, muboole ndi dirilo yokhala ndi kabiti (kachitsulo koboolera) kakang'ono, muzikulitsa pang'onopang'ono. Mabiti ozungulira chakumanzere nthawi zambiri amatulutsa chidutswacho mukadali kuboola. Tizida tozulira mabawuti oduka tija timatiopa, chifukwa n'touma kuposa biti wamba, ndipo kakathyokera mkati vuto lakula kawiri. Ngati pamafunika kudula mazinga atsopano, bowo la M6 ndi 5 mm, la M8 ndi 6.8 mm, la M10 ndi 8.5 mm. Bawuti yolowa m'malo ikhale ya mphamvu yofanana ndi yakale. Nambala yake ili pamutu, 8.8 kapena 10.9, ndipo pa mabuleki ndi pa miyendo ya galimoto musatsike nayo. Manati a mapayipi a mabuleki ndi ofewa, ali ndi sipanala yawoyawo yong'ambika pang'ono kuti payipi idutse, kawirikawiri ya 10 kapena 11 mm. Sipanala wamba imawabulungiza nthawi yomweyo.

Masikuludilaiva safuna ambiri: a fulati awiri, a sitala PH1 ndi PH2, PZ2 ya masikuluwu a matabwa, ndi timitu ta Torx, ta nsonga zisanu ndi imodzi, kuyambira T20 mpaka T40. PH ndi PZ amaoneka ofanana koma salowana bwino, ndipo mutu wa PZ mumauzindikira ndi timizere tinayi pakati pa mtanda. Chida chaching'ono chimene timachikonda kwambiri pano ndi sikuludilaiva yomenya ndi hamala. Mukaimenya imakanikiza ndi kupotoza nthawi imodzi, ndipo ndiyo imachotsa tisikuluwu togwira disiki ya mabuleki. Pulayala yotsekeka ya mtundu wa Vise-Grip, ya 250 mm, imagwira mutu wobulungira umene sipanala yaukana. Onjezerani pulayala yosongoka, yodulira waya, hamala ya mutu wobulungira ya magalamu 450, nyali ya pamutu, ndi kamaginito ka ndodo kotolera nati yogwera m'injini.

Multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, imapulumutsa anthu ku kugula zinthu zosafunika. Batire lodzaza, galimoto itazima kwa maola angapo, limaonetsa 12.6 V. Pa 12.2 latsala theka, pansi pa 12.0 latha. Injini ikamalira muone pakati pa 13.8 ndi 14.5 V, ndipo ikakhala pa 12 ndi kanthu ndiye kuti alternator, yomwe imatchaja batire injini ikamalira, sikutchaja, kapena lamba wake walefuka. Poliza injini nambala isatsike kupitirira 9.6. Cholakwa chofala n'kusiya chingwe chofiira pa bowo loyezera ma amp n'kukagusa batire, fyuzi ya mkati imapsa pomwepo. Pochotsa batire yambani ndi waya wa negetivu, pobwezera muthere nawo. Mukayamba ndi wa pozitivu, sipanala ikangokhudza bodi mwachita shoti.

Patebulo pakhale vayisi ya 100 kapena 125 mm yomangidwa ndi mabawuti, chifukwa munthu amatha kudzicheka mosavuta akagwira chitsulo ndi dzanja limodzi n'kumadula ndi linalo. Sowo yodulira zitsulo mano ake aloze kutsogolo, mpeni ukhale wokungika, ndipo wa mano 24 pa inchi umakwana ntchito zambiri. Pa chitsulo chopyapyala tengani wa 32, kuti mano atatu azikhudza nthawi zonse. Dirilo ya batire ya 18 V njokwanira. Pa chitsulo muziizunguza pang'onopang'ono, mukukanikiza, ndi dontho la oyilo. Biti ikasanduka yabuluu yapsa, ndipo chaipsereza ndi liwiro. Gilayinda ya 115 mm ibwere pambuyo, dzanja litazolowera. Musaichotse chotchinga. Disiki yodulira ya 1 mm musapalire nayo cham'mbali, imasweka. Onani kuti liwiro lolembedwa pa disiki likuposa la makina, muonenso deti lothera ntchito lodindidwa pa kachitsulo ka pakati. Magalasi oteteza maso muzivala nthawi zonse.

Tituluke panja. Chida choyamba cha pabwalo ndi tupa, wa fulati, wa 250 mm, wokhala ndi chogwirira. Khasu, fosholo, chikwanje, chikwakwa ndi nkhwangwa zambiri zimagulitsidwa zisananoledwe bwino, ndipo munthu amatopa, msana kuwawa, n'kumaganiza kuti nthaka ndiyo yauma. Panani chidacho pa vayisi. Tupa amadya popita kutsogolo pokha, ndiye pobwerera muzimukweza, chifukwa mukamukhukhuza uku ndi uku mano ake amagona. Tsatirani kupendekeka komwe kulipo kale. Pa khasu ndi fosholo ndi pafupifupi madigiri 45, mbali imodzi yokha, ndipo kuthwa kopitirira apo kumapindika pa mwala woyamba. Mukamva kachitsulo kopyapyala katatuluka kuseri, mwafika, kachotseni ndi kupala kumodzi kopepuka. Ponola ndi gilayinda m'mphepete mumatentha msanga, ndipo pamene pachita buluu pafewa, sipasunganso kuthwa.

Posankha fosholo yang'anani pokumana chitsulo ndi mpini, pakuti m'pamene imathyokera. Ya chitsulo chosulidwa chathunthu, ya khosi lalitali, imapirira kuposa ya lata lopinda. Yosongoka njokumbira, ya fulati njowolera mchenga ndi kudula m'mphepete mwa kapinga. Mpini uzikhala wa mitsempha yoyenda molunjika kuchokera kumutu mpaka kumapeto, wopanda mfundo. Vanishi wa m'sitolo amatulutsa matuza, mpaleni ndi sandipepa mupake mafuta a linseed. Nsanza zopakira mafuta amenewa muziyanike zotambasula panja kapena muziviike m'madzi, chifukwa zikaunjikana zimatentha zokha mpaka kuyaka. Mutu wa nkhwangwa kapena wa hamala ukayamba kugwedera musauviike m'madzi. Mtengo umafufuma lero, koma ukauma umagwedera kuposa kale. Khomani kamtengo kapena kachitsulo katsopano kothinitsira mutuwo, kapena sinthani mpini.

Za mitengo ndi maluwa, zida ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi malire ake. Sizasi yodulira nthambi ifike pa nthambi ya masentimita 2. Ya mipini italiitali ifike pa 4 kapena 5. Kupitirira apo ndi sowo yopinda, yomwe imadula pokoka, choncho musaikankhe mwamphamvu, mpeni ungapindike. Sizasi musankhe ya mipeni yodutsana, chifukwa ija yotsikira pa kachitsulo kafulati imafinya nthambi yaiwisi, imayenera zouma zokha. Sizasi ya Felco 2 ya ku Switzerland timaikonda chifukwa mpeni, sipuling'i ndi bawuti yake zonse zimasinthika, ndiye simuitaya chifukwa cha kachinthu kamodzi. Kaya mugula ya mtundu wanji, onani kuti imamasuka. Nolani mbali yopendekeka yokha, mbali ya fulati ingopukutidwa, apo ayi pakati pa mipeni pamatseguka ndipo imayamba kutafuna. Mukadula chomera chodwala, pukutani mpeni ndi spirit ya 70 peresenti musanapite pa china.

Nthambi yaikulu musaidule kamodzi kuchokera pamwamba. Kulemera kwake kumaigwetsa musanamalize, n'kusenda khungwa mpaka pa thunthu. Chekani kaye kunsi, masentimita 30 kuchokera pa thunthu, kulowa gawo limodzi mwa magawo atatu. Chekani kachiwiri pamwamba, patsogolo pang'ono, mpaka igwe. Kachitatu chotsani chitsa chotsalacho kunja kwa kakhosi kotupa kamene kali pomwe nthambi imatulukira. Kakhosi kameneka ndiko kamatseka bala, mukakadula mtengo umaola mkati. Makwerero atsike mita imodzi kutali ndi khoma pa mamita anayi alionse okwera, ndipo macheka a injini asakwere nanu pa makwerero.

Wilibala muione tayala ndi miyendo, osati kukongola kwa beseni. Katundu wolemera aziikidwa kutsogolo, pamwamba pa tayala, kuti manja anu anyamule zochepa. Tayala lopopa limayenda bwino pa nthaka yofewa, koma ngati pabwalo pali minga, lopanda mpweya lidzakupumulitsani. Leki mugule ziwiri, yachitsulo yosalazira dothi ndi yofewa ya masamba. Ndowa yodzaza mchenga wosakaniza ndi oyilo pang'ono, yomwe mumazikamo fosholo ndi khasu mukazitsuka, imachotsa dothi lotsalira n'kuletsa dzimbiri.

Makina a injini agulidwe pomaliza, ndipo ngati kapinga wanu ndi wochepa, a magetsi kapena a batire sadzakuvutitsani kwambiri ngati a petulo. Potchetcha musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Mukaona nsonga za kapinga zitang'ambikang'ambika n'kuyera patapita tsiku, mpeni wabuntha. Umafuna kunoledwa pakatha maola 20 mpaka 25 a ntchito. Zulani kaye waya wa pulagi, pakuti kuzunguza mpeni ndi dzanja kungathe kuliza injini. Pendeketsani makinawo mbali ya sefa ya mpweya ili m'mwamba, kuti oyilo asalowe mu kabuleta. Pingani mpeni ndi thabwa, masulani, nolani pa madigiri 30 malekezero onse awiri mofanana, kenako mukoleke pa msomali kuti muone ngati ukulemera kumodzi. Mbali yotsika ipaleninso. Mpeni wolemera kumodzi umanjenjemeretsa makina n'kudya mabering'i. Poubwezera onetsetsani kuti mapiko ake opindika aloza m'mwamba.

Makina odulira udzu onyamula m'manja ambiri ndi a injini ya two-stroke, yomwe ilibe posungira oyilo, ndiye oyilo amasakanizidwa ndi petulo. Muyeso wa 50:1 ndi mamililita 20 pa lita imodzi, kapena 100 pa malita 5. Makina ena, makamaka akale, amafuna 25:1, womwe ndi mamililita 40 pa lita. Tsatirani zolembedwa pa makina anu, muyeze ndi kachikho ka manambala, musamangothira mwa maso. Oyilo akachepa pisitoni imakanda silinda n'kugwira, akachuluka pulagi imada ndipo utsi umatsekeka potulukira. Akhale oyilo wa two-stroke, osati wa galimoto. Nthawi zambiri makina ang'onoang'ono akakana kulira atakhalitsa, vuto ndi petulo wakale. Pakatha mwezi amayamba kuuluka, n'kusiya utomoni umene umatseka timabowo ta kabuleta. Muzisakaniza wokwana mwezi umodzi, mulembe deti pa chigubu. Mukafuna kusunga makinawo nyengo yonse, khuthulani thanki, alizeni mpaka azime okha, chotsani pulagi, donthezerani oyilo pang'ono m'silinda, kokani chingwe kawiri kapena katatu pang'onopang'ono, ndipo mubwezere pulagiyo poyamba ndi zala musanaikepo soketi.